Chitsulo cha Beseni, Chidindo cha Linunda

9 Febuluwale

Mzime mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani nonse muli bwino: iwe, alamu, ana ndi mayi. Bondo la mayi lili bwanji? Pafoni amangoti "tilipo," koma paja "tilipo" wa mayi amatuluka ngakhale ali pa machira. Undiuze zoona. Ine ndili bwino, kungoti chipinda changa chili pamwamba pa malo ochapira zovala. Makina akayamba kuzungulira m'mawa, kapu ya tiyi imayenda yokha mpaka kumphepete kwa tebulo. Masiku ano ndimaitchinga ndi mabuku awiri.

Unandiseka kuti ndakhala kuno zaka zonsezi koma m'banja mulibe wodziwa chimene ndimachita, ndipo mayi amauza anthu kuti ndimakonza ndege. Suja munandipatsa dzina la aChifukwa ndili mwana? Lero upirire, ndikufotokozere.

Kuntchito tili ndi ngalande ya mphepo. Ndi chipaipi chachitsulo chotalika ngati mabasi awiri, chokhala ndi kawindo kagalasi pakati. Timapopera mpweya m'matanki kuyambira m'mawa, kenako timatsegula, mpweyawo n'kudutsa pakawindo paja mothamanga kuposa mmene phokoso limayendera. Usanamalize kuyetsemula, zatha.

Tsono mvetsa zinthu ziwiri. Ukaima pa mlatho, madzi a pakati amathamanga, a m'mphepete amakwawa. Mpweya nawonso ndi choncho. Ukamadutsa pa chitsulo, pamakhala kakhungu kopyapyala ka mpweya waulesi kamene kamamatirira chitsulocho. Chachiwiri, mpweya wothamanga chotere ukakumana ndi chopinga sukhala ndi nthawi yopatuka. Umathinana mwadzidzidzi pa mzere umodzi woonda ngati lumo. Mzere umenewo timautcha funde, ndipo kuseri kwake mpweya umakhala wopanikizika kwambiri. Funde likagwera pa kakhungu kaja, kamakhala ngati munthu wotopa kale amene wauzidwa kuti akwere chitunda. Nthawi zina kamakwera. Nthawi zina kamaima, n'kubwerera m'mbuyo, n'kumatuka pa chitsulo, ndipo pansi pake pamatsala thumba la mpweya wongozungulira. Zimenezi zikachitika pakamwa pa injini ya ndege yothamanga kwambiri, injiniyo imatsamwa.

Ambiri anayeza zimenezi pa zitsulo zathyathyathya. Koma pa ndege pathyathyathya m'pochepa. Funso langa ndi ili: chitsulo chikapindika, thumba lija limakula kapena limachepa? Ndili ndi mitundu iwiri, zotukumuka ngati linunda la ng'ombe ndi zolowa m'kati ngati beseni. Mabuku amanena kale chinthu chimodzi, kuti pa beseni mpweya umapotana ngati zingwe n'kusiya mizeremizere ngati podutsa chipeso, koma pa linunda sutero. Zotsalazo ndi zimene ndikufufuza, ndipo digiri yanga yagona pamenepo.

Ngati wafika mpaka pano, ndiwe munthu. Uwapatse moni ana asukulu ako aja, ndipo undilembere za mayi.

Mlongo wako,
aChifukwa


2 Malichi

Achimwene,

Moni wa kwa tonse. Kalata yanu inafika yonenepa ngati yochokera kukhoti, moti mayi anayamba afunsa kuti mwapalamula chiyani. Bondo likuwavuta kukazizira, koma akuyenda. Dzulo anakangana ndi wogulitsa malasha mpaka munthu anathawa kusiya chenje, ndiye musade nkhawa, mphamvu zilipo. Mwana wathu wamkulu wachoka mano awiri akutsogolo, akuti amalume abwere nawo ena.

Alamu anu ndi amene sakugona bwino. Ku koleji kumene amaphunzitsa kwabwera lamulo lakuti mphunzitsi amene sanasindikize kafukufuku aliyense pofika kutha kwa chaka, ntchito yake aiunikanso. Paja nyumba tikukhalayi ndi ya koleji, ndipo chipinda chakumbuyo chija mayi anachizolowera. Koma za mawa sizidziwika, tiona.

Za mphepo zanu zija ndawerenga, ndipo ndili ndi mafunso. Funde limagwera pati, pamwamba penipeni pa linunda kapena kumbuyo kwake? Kupindika kwa zitsulozo n'kosiyana motani, ndipo zilipo zingati? Mpweya umathamanga kangati kuposa phokoso? Nanga kutalika kwa thumba mumayeza ndi chiyani?

Mukanatumizako zithunzi ndi manambala ake, ndikanapachika m'kalasi mwanga kuti ana aone kuti sukulu imafikitsa munthu kutali.

Ndine Mzime wanu


24 Malichi

Mzime,

Moni kwa onse. Wamkulu umuuze kuti mano kuno ndi odula, adikire ake. Mayi asamanyamule malasha okha, ngakhale apambane mkangano.

Sindikubisira, kalata yako ndaiwerenga kambirimbiri. Kuno ndimakamba za ntchitoyi ndi anthu tsiku lililonse, koma palibe anandionapo ndikuyenda wopanda nsapato. Kuti mlongo wanga weniweni andifunse kuti funde limagwera pati, ndinayenda m'khonde la labu ngati ndapatsidwa kale digiri ija.

Sabata ino ndawakumbukira kwambiri bambo. Mmisiri amene amatiumbira zitsulo ndi mkulu wina wosachedwa kupsa mtima, amadya buledi wake chiimirire, ndipo salola munthu kukhudza mashelefu ake. Zitsulo zanga amaziumba pa zikombole, ngati mmene bambo ankachitira ku fakitale. Tsiku loyamba nditaona chidindo pakona pa chitsulo, ndinamufunsa kuti, "Bwanji mwadinda linunda pa chitsulo cha beseni?" Iye osandiyang'ana n'komwe anati, "Ine ndimadinda chimene ndagwira ndi manja. Ndinaumba linunda. Beseni lako labwera lokha." Ukukumbukira bambo ankati iwo saumba poto, amaumba malo amene poto adzakhalemo? Mawu omwewo, Mzime, kuchokera pakamwa pa munthu wa mtundu wina. Ndinapita kukaima m'chipinda chosungira mafuta mpaka maso atauma. Kuyambira pamenepo sindinatsutsanenso naye. Zitsulo zonse zili ndi chidindo cha chikombole chake, cha beseni chadindidwa linunda, cha linunda chadindidwa beseni, ndipo pa zithunzi ndi pa manambala timalemba motsatira chidindo. M'labu tonse tinazolowera kuwerenga chobwerera. Bambo akanaseka mpaka kutsokomola.

Tsopano tembenuza tsamba, tilowe m'kalasi.

Zitsulo zilipo zisanu ndi chimodzi, zitatu za mtundu uliwonse: chopindika pang'ono, chapakati, ndi chopindika kwambiri. Mpweya umathamanga pafupifupi katatu kuposa phokoso. Funde timalipanga ndi kachitsulo kosongoka kamene timapachika pamwamba, ndipo tikakasuntha, funde limagwera pomwe tafuna. Zimenezi n'zofunika, chifukwa chitsulo chimodzi chomwecho chimapereka yankho lina funde likagwera kutsogolo, lina likagwera pakati.

Thumba timaliyeza ndi mafuta. Timasakaniza mafuta ndi ufa woyera, n'kupaka pa chitsulo, n'kutsegula mphepo. Pomwe kakhungu kakuyenda bwino, mafuta amakokedwera kutsogolo. Pomwe kamatuka, mafuta amaunjikana n'kupanga mzere woyera. Tikatero timajambula kuchokera pamwamba. Chithunzi cha pamwamba sichionetsa kupindika, chitsulo chilichonse chimaoneka chathyathyathya, ndiye uziyang'ana pakona.

Ndakuikira zithunzi khumi ndi ziwiri ndi pepala la manambala. Muli chinthu chatsopano mmenemo chimene sindinachione m'buku lililonse, koma sindikuuza. Mphunzitsi wabwino satafunira mwana. Uyang'ane wekha, undilembere chimene waona.

Chinthu chimodzi chokha: izi sizinasindikizidwe, ndipo amene amalipira kafukufukuyu anatisainitsa kuti tisatulutse kanthu nthawi isanakwane. Pa khoma la ana a zaka zisanu ndi ziwiri sindikuonapo vuto. Zisapitirire pamenepo.

Mlongo wako,
aChifukwa


30 Meyi

Mzime,

Moni. Kodi muli bwino kumeneko? Miyezi iwiri yadutsa osamva kanthu. Pafoni umangoti uli m'kalasi, uimbanso, koma osaimba. Ngati zithunzi zija zinatayika m'njira undiuze, nditumizanso. Ngati funso langa lakukanika, usachite manyazi, nanenso linanditengera nthawi. Ndikupatse kanzeru: yerekeza kutalika kwa thumba pa zitsulo zitatu za mtundu umodzi, uone ngati kukutsatira kupindika.

Kapena ndi mayi? Ngati adwala usandibisire.

aChifukwa


18 Juni

Mwana wanga,

Ndati ndikulembere ndekha popeza mlongo wako wasanduka waulesi pa cholembera. Tilipo. Bondo ndi lomwe lija, silipola, silipha.

Ndikulembera kuti ndikuthokoze. Mlamu wako zamuyendera. Kafukufuku wake watuluka m'buku la anthu ophunzira, ndipo akuluakulu a koleji anamuitana n'kumugwira chanza. Ntchito yakhazikika, akutinso amukweza. Loweruka anzake anadzaza pabalaza mpaka mipando tinabwereka kwa aneba. Wina wa mimba yaikulu anaimirira n'kunena kuti mlamu wako wagwetsa zimene azungu ndi akuda omwe akhala akukhulupirira zaka zambiri. Ine ndinaona zithunzi zake, zoyerayera ngati pansi pamene patayikira ufa, ndinati, "Izitu zikufanana ndi za mwana wanga." Mlamu wako anati, "Eya mayi, timathandizana." Mtima wanga unakhala pansi. Ndimaopa kuti sukulu idzakupatula kwa abale ako, koma ndaona kuti ndinakulera bwino.

Chondidetsa nkhawa ndi Mzime. Tsiku la chisangalalo anakhala kukhitchini osatuluka, akuti utsi wamulowa m'maso, chonsecho tsikulo tinaphikira magetsi. Wawonda. Ndinamufunsa ngati ali ndi pakati, anandiyankha mwamwano. Umulembere, iwe amakumvera.

Uzivala zofunda. Uzidya.

Mayi ako


20 Julayi

Mzime,

Ndikupatsa moni chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Kalata ya mayi ndinailandira, ndipo sindinaimvetse mpaka Lachiwiri lapitali.

Apulofesa amene amayang'anira ntchito yanga anandiitana mu ofesi mwawo. Ndi mayi wodekha, sindinawamvepo akukweza mawu. Anatseka chitseko, anaika mapepala patebulo, n'kuti, "Khala pansi. Zithunzi izi ukuzidziwa?"

Ndinazidziwa. Pa chachinayi pali chidindo cha chala changa pamene ndinagwira mafuta asanaume. Pamwamba pa mapepalawo panali dzina la alamu, lokha. M'kati analemba kuti anayeza zimenezi pa ngalande ya anzawo ena akunja, osatchula kuti ndi ati.

Apulofesa anati, "Mnzanga wina wanditumizira. Poyamba amafuna tiseke limodzi, chifukwa pepalali likunena kuti mizere ya chipeso imapezeka pa linunda, osati pa beseni, ndipo mabuku onse ndi olakwa. Kenako anazindikira zidindo za mmisiri wathu. Tsono ndiuze, munthu ameneyu ndi ndani kwa iwe?"

Ndinati ndi mlamu wanga. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, nthawi yaitali.

Ndikufotokozere pamene zinthu zafika, kuti pasakhale wonena kuti sanadziwe. Pa 12 Seputembala ndikaonekera ku komiti ya sukulu yathu. Akandifunsa funso limodzi. Ndikanena kuti ndinawapatsa alamu zithunzizo mwadala kuti asindikize, ndiye kuti ndinaphwanya zimene ndinasainira. Chigawo chachikulu cha kafukufuku wanga achichotsa, thandizo la sukulu litha, ndipo ndibwerera kumudzi ndi sutikesi yokha. Ndikanena kuti anazitenga ine osadziwa, komiti ilembera a buku lija ndi akuluakulu a koleji ya alamu. Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine.

Iwe sindikukuimba mlandu. Ndikuona mmene zinachitikira: unapachika zithunzi m'kalasi, kapena unazisiya patebulo, alamu anaziona, mantha a ntchito anawagwira. Ndiye chifukwa chake wakhala chete, ndiye chifukwa chake wawonda. Usadzizunze, mlongo wanga. Ukanandiuza msanga tikanaona chochita.

Chimodzi chokha chikundizunguza mutu. Za zidindo ndinafotokoza bwinobwino m'kalata yomweyo imene munali zithunzi. Munthu amene anawerenga kalata ija sakanasokoneza beseni ndi linunda. Kodi alamu anangotenga zithunzi osakufunsa kanthu? Undiyankhe msanga, nthawi yachepa.

aChifukwa


6 Ogasiti

Mlamu wanga wokondedwa,

Ndikupereka moni waulemu, ndikhulupirira kuti maphunziro akuyenda. Kuno tonse tili bwino, kuphatikizapo mayi, amene monga mukudziwa ndakhala ndikuwasunga pansi pa denga langa kuyambira pamene bambo anatisiya, popanda kudandaula ngakhale tsiku limodzi.

Mayi a kunyumba, mlongo wanu, andionetsa kalata yanu. Ndaona kuti mwakwiya, ndipo mwina m'pomveka. Koma tiyeni tikambe ngati amuna. Chakudya cha m'nyumba imodzi sachitcha chakuba. Inu muli ndi ngalande, makina, apulofesa. Ine ndili ndi choko ndi bolodi long'ambika, koma lamulo atiikira ndi limodzi. Zithunzi khumi ndi ziwiri kwa inu ndi madontho, mawa mujambula zina. Kwa ine zinali nyumba ya ana anu omwe.

Dzina lanu sindinaliike poopa kukuikani m'mavuto ndi mabwana anu. Munganene kuti ndinalakwa, koma mtima unali wabwino.

Tsono pali kavuto kakang'ono. Mkonzi wa buku lija wandilembera kuti anthu ena akudandaula, ndipo akufuna manambala onse oyambirira ndi dzina la ngalande. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti kalembedwe kanu kanandisokoneza. Munthu wasayansi salemba linunda pomwe pali beseni. Ine nditaona mizere pa zithunzi zolembedwa linunda, ndipo inu mwanena kuti muli chatsopano, ndinati chatsopanocho n'chimenechi. Aliyense akanaganiza choncho. Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu, koma sindikusunga mangawa.

Njira ilipo yotipulumutsa tonse. Muuze komiti yanu kuti tinagwirira limodzi ntchitoyi, munditumizire manambala aja, ine ndilembera mkonzi kuti panali kulakwitsa pang'ono posindikiza. Potulutsanso ndiikapo dzina lanu, ngakhale patsogolo pa langa ngati mukufuna. Azunguwo akakukalipirani, mupepese, amakhululuka. Inu ndinu wanzeru, digiri mukaipeza kwina kulikonse. Mutu umodzi susenza denga, alamu. Ganizirani bondo la mayi, ndi masitepe a nyumba za lendi.

Ine mlamu wanu


19 Ogasiti

Achimwene,

Sindikudziwa ngati moni wanga muulandira, komabe moni. Mayi ali bwino. Sakudziwa kanthu, akungodabwa kuti m'nyumba anthu asiya kulankhulana.

Munandilembera kuti simukundiimba mlandu. Kalata imeneyo ndi imene yandipweteka kuposa zonse, chifukwa munandikonzera bodza labwino, ine n'kungotsala kuvomera. Ndayesa kuvomera, cholembera chikukana.

Zithunzi zija sizinafike m'kalasi. Sindinaganizeko n'komwe zozipachika. Mafunso aja sanali anga. Alamu anu anawalemba pa kapepala, ine ndinakopera ndi dzanja langa, iwo ataimirira kumbuyo kwanga. Ndinati, "Achimwene adziwa kuti si ine, ine ndi liwiro la phokoso tinakumana kuti?" Iwo anati, "Sadziwa. Munthu wokonda kufotokoza safunsa kuti wafunsa ndani." Ndinaseka, achimwene. Ndikuuzani kuti mudziwe mlongo amene muli naye. Ndinaseka chifukwa zinali zoona.

Anandiuza kuti akufuna kungoonera mmene anzawo amalembera, kuti apeze poyambira. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Pamene ndinaona kuti akujambula zithunzi zanu pa makina a ku ofesi, ndinadziwa. Ndikanakuimbirani tsiku lomwelo. Ndinayang'ana chipinda cha mayi, ndinayang'ana ana, ndinati mwina kabuku kake n'kakang'ono, kutali konko sakakaona.

Mwafunsa za zidindo. Kalata zanu ndakhala ndikuzigawa pawiri kuyambira kale, alamu anu asanalowererepo. Tsamba loyamba, la moni ndi nkhani, ndimawerenga, kuwawerengera mayi, n'kusunga m'chitini cha mabisiketi. Masamba a maphunziro ndinkangowaika pansi pa chitinicho, ndimati ndidzawerenga ndikadzapeza mpata. Chaka chino ndinkayamba ndawapereka kwa alamu anu. Tsamba la bambo lija sindinawapatse. Linali langa. Ndinaliwerenga ndili ndekha, ndinalira, ndinawaona bambo akupukuta mchenga m'manja pakhomo paja. Sindinaone kuti muli nkhani ya zithunzi mmenemo. Ndinkaona bambo basi.

Ndiye alamu anu anagwa chifukwa cha tsamba limene ndinawabisira, inu mukugwa chifukwa cha masamba amene ndinawapatsa. Onse awiri mwapwetekedwa ndi dzanja limodzi.

Andituma kuti ndikupempheni muvomere zimene analemba. Ndawauza kuti ndalemba choncho. Sindikupemphani. Sindikuuzaninso kuti musavomere, chifukwa ndikatero ndiye kuti ndatulutsa ana anga panja ndi pakamwa panga. Ndilibe mawu pa nkhaniyi, ndinawagulitsa.

Sabata ino ndatulutsa masamba onse a pansi pa chitini, a zaka zonse, ndipo ndikuwerenga pa nthawi yopuma kusukulu. Ena ndikumva, ena ayi. Munkalemba bwino, achimwene. Za mlatho zija ndinapita kukaona, n'zoona, madzi a m'mphepete amakwawa. Pali chimodzi chimene simunanene paliponse. Kakhungu kaja kakamatuka pa chitsulo, kamadzabwereranso kutsogoloko n'kumatiriranso, kapena kakapita kapita? Ili ndi langa.

Mzime


15 Seputembala

Mzime,

Moni kwa iwe ndi ana. Mayi ndalankhula nawo pafoni dzulo, ndawauza zonse ndekha kuti asamve kwa anthu. Nditamaliza anati, "Chibale ndi fupa, mwana wanga." Ndinati ndi zoona mayi, koma fupa limathyoka. Sanandifunse ngati ndikudya.

Ku komiti ndinanena zimene zinachitika, osaonjezera, osachotsera. Anandifunsa kuti zithunzi ndinatumizira ndani, ndinati mlongo wanga, kuti apachikire ana m'kalasi. Mmodzi anafunsa ngati ndinali ndi chifukwa chokukayikira. Ndinati ndinalibe. Andidzudzula polemba, andiletsa kutulutsa chilichonse cha m'labu kwa munthu aliyense, ndipo digiri ichedwa ndi theka la chaka chifukwa zoyeza zina ndiyenera kubwereza. Koma ndatsala. Makalata opita kwa mkonzi ndi ku koleji anyamuka mawa. Muyambiretu kuyang'ana nyumba. Azakhali avomera kuwatenga mayi, kwawo kulibe masitepe. Za sukulu ya ana ndipitiriza kulipira monga kale, iwo sanakopere kapepala ka munthu.

Alamu sindiwayankha. Anali ndi mantha, ndipo sanandilonjezepo kanthu. Uwauze chabe kuti chatsopano chija chinali chaching'ono, cha kutalika kwa thumba, ndipo chinali pa pepala la manambala limene anali nalo m'manja.

Ndikanatha kukhululuka zithunzi. Chimene chikundikanika ndi tsiku lija ndinayenda m'khonde ngati mfumu chifukwa mlongo wanga wandifunsa funso. Ndinauza mmisiri uja, ndinauza ngakhale mayi wochapa pansipa. Pamene ndinkakulembera za bambo, sindinkadziwa kuti ndikulemba makalata awiri. Kwa ine inali imodzi.

Funso lako ndi labwino, loposa onse anayi aja. Lili ndi yankho, ndipo ndimalidziwa. Si lachinsinsi, komiti singandiletse. Ndinatenga pepala lachiwiri, ndinalemba mizere itatu, ndinayamba kujambula kachithunzi. Kenako ndinayang'ananso kalata yako, dzanja lake ndi lomwe lija la m'mwezi wa Malichi, zilembo zopendekera kumanja, inki yomweyo. Wanena kuti ili ndi lako. Mwina ndi lakodi. Ine ndilibenso poonera.

Kalata ino ndi ya tsamba limodzi. Usavutike kuitembenuza, kuseri kulibe kanthu.

Mlongo wako